Musatigulire telesikopu ya kompyuta

Ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ndamva kuti mwasonkha ndalama zoti mugulire kalabu yathu ya sayansi telesikopu. Zikomo kwambiri. Ndamvanso kuti mwagawanika, ena akufuna Celestron NexStar 4SE, ena Seestar S50. Ine ndikuti zonse ziwiri ayi, wokwiya akwiye.

Otsatsa malonda akuti NexStar imasunga zinthu zakumwamba pafupifupi 40,000, ukangodina batani imaloza yokha. Koma galasi lake ndi la mamilimita 102 basi. Kompyuta imangoloza, chimene chimasonkhanitsa kuwala ndi galasi. Zambiri mwa zinthu 40,000 zija idzaloza ndithu, koma mwana akasuzumira adzaona mdima. Telesikopu ya mtundu wa Dobsonian ya mamilimita 200, yokankha ndi dzanja, imasonkhanitsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa pamenepo.

Nanga mabatire? NexStar imadya mabatire 8 a AA. Pasukulu pamene choko timachita kuthyola pakati, adzagula ndani? Ikafa, akonze ndani? Kampani ya Meade, yomwe inatchuka ndi matelesikopu oterewa, inatseka mu 2024. Chikhazikiro cha Dobsonian n'chamatabwa, kalipentala wa pamsika akhoza kuchikonza.

Seestar ndiye ilibe n'poika diso pomwe. Imajambula n'kutumiza chithunzi pa foni. Ndiye tivutikirenji kutulutsa ana 40 usiku kuti akaunjikane pa foni imodzi?

Mphunzitsi mnzanga wina akuti ana a masiku ano sangapirire kufufuza nyenyezi okha. Aphunzitsi, umenewo ndi ulesi wathu, tisanamizire ana. Ndivomereze, m'tauni momwe magetsi amaphimba nyenyezi kompyuta imathandiza. Koma kuno kumada bii, Mlalang'amba umaoneka ndi maso. Agogo athu ankadziwa Nsangwe, Nthanda ndi Akamwiniatsatana opanda batani. Galileo anaona miyezi inayi ya Jupiter mu 1610 ndi kachipangizo kochepa mphamvu kuposa kalikonse mwa izi.

Mwana amene wavutika theka la ola mpaka kupeza Saturn ndi manja ake sadzaiwala. Womulozera kompyuta pofika mawa adzakhala ataiwala.

Gulani Dobsonian. Ndalama zikatsala, onjezerani ma binoculars awiri. Ikafika bwerani, usiku wopanda mwezi, tidzaone ngati mukukumbukira kumene kuli kum'mwera.