Posintha Ndalama, Funsani Zimene Zifike M'dzanja



Ulendo uno nkhani yathu tikuitenga kumtunda, ku Namitete, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Tinapitako ku ukwati wa m'bale wathu, ndipo usiku tili pabwalo nkhani inagwera pa ndalama za kunja. Tinadabwa kuona kuti alimi a kumeneko, a ku Nsaru ndi a ku Kabudula amatsata mtengo wa dola kuposa ife amene ana athu adzaza ku Joni. Chifukwa chake n'chosavuta. Fodya wao akafika ku okushoni ku Kanengo amagulidwa pa mtengo wa madola, koma m'dzanja la mlimi mumafika makwacha banki itasintha. Bambo wina wachikulire anatiuza kuti iye saona belo lake ngati lagulidwa kufikira ataona pepala la kubanki, pakuti pakati pa okushoni ndi thumba lake pamadutsa msonkho, ndalama ya thiransipoti, ngongole ya feteleza ndiponso mtengo wosinthira wa tsikulo.

Bamboyo sananame. Kwacha yathu inasiyidwa kuti iziyenda ndi msika mu February 1994, ndipo kuyambira apo yakhala ikugwa mphamvu kawirikawiri. Mu May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Amene anasintha ndalama zake dzulo lake la masiku amenewa analira, ndipo amene anazengereza tsiku limodzi anaseka. Palibe wa ife amene angalosere zoterezi, choncho tiyeni tikambe zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, paliponse posinthira ndalama pamalembedwa mitengo iwiri. Wotsika ndi umene iwo amagulira ndalama zanu, wokwera ndi umene amakugulitsirani. Phindu lao lili pakati pa mitengo iwiriyo. Ambiri a ife maso amathamangira pa nambala yaikulu, osadziwa kuti imeneyo si yathu ngati tabwera ndi marandi kudzafuna makwacha.

Koma pamene mabanja athu amatayira ndalama zambiri ndi pa zimene ana amatumiza kuchokera ku South Africa. Mwana amasankha njira yotumizira poyang'ana chindapusa chokha, ndipo akaona polembedwa kuti apa amadula pang'ono amakondwa. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza, monga timachitira ndi ana pa bolodi. Mwana ali ndi R1,000. Kampani yoyamba ikudula R100 ndipo ikusintha randi imodzi pa K100. Zotsala ndi R900, ndiye kuti mayi alandira K90,000. Kampani yachiwiri ikudula R30 yokha, koma randi ikuisintha pa K90. Zotsala ndi R970, ndipo mayi alandira K87,300. Mwaona? Yodula pang'onoyo yadya K2,700 yoonjezera, ndipo yadyera mu mtengo wosinthira momwe mwanayo sanayang'anemo. Ndiye funso loyenera kufunsa ndi limodzi: ndikapereka R1,000, mayi kumudzi alandira makwacha angati? Makampani monga Mukuru ndi Western Union amaonetsa nambala imeneyi musanalipire. Muifunse m'malo awiri kapena atatu tsiku lomwelo.

Musaiwalenso kuti kudula sikuthera ku Joni. Ndalama zikagwera mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, potapa kwa ejenti pamadulidwanso. Ndipo mayi wa ku Nambuma akakwera kabaza ndi minibasi kukalandirira m'tauni, ulendowo ndi chindapusa ndithu, ngakhale sulembedwa pa lisiti. Maiko a United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 kutumiza ndalama kusamadye kupitirira 3 peresenti, koma njira zochokera ku South Africa zakhala zili m'gulu la zodula kwambiri pa dziko lonse.

Tsopano za mumsewu. Sitingabise, pakuti aliyense akudziwa kuti mu 2025 dola ya mumsewu inkagulidwa kupitirira kawiri mtengo wa kubanki. Munthu wa banja lake akaona kusiyana kotere mtima umagwedezeka. Komabe lamulo limalola mabanki ndi ma bureau okhala ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi okha, ndipo wogwidwa akusintha kwina akhoza kulandidwa ndalamazo n'kukaonekera kukhoti. Kupatula lamulo, anyamata ena ali ndi manja opepuka. Mnzathu wina wa geni, wopita ku Chipata kudzera pa chipata cha Mchinji, anawerengeredwa mpukutu pamaso pake bwinobwino, koma atafika pogona anapeza kuti mkati munapindidwa mapepala ang'onoang'ono. Analibe lisiti, analibe kodandaula. Amene mumapita ku Zambia mudziwenso kuti mu January 2013 dzikolo linachotsa maziro atatu pa kwacha yake, ndiye pepala lakale la 50,000 lisakunyengeni ndi kuchuluka kwa manambala.

Pali chizolowezi china chimene ife aphunzitsi sitigwirizana nacho. Munthu amapereka marandi lero, wosinthayo n'kunena kuti makwacha mudzatenge Lachisanu. Mu maphunziro a fiqh nkhani yosinthana ndalama ili ndi mutu wakewake, ndipo ma ulama amagwirizana kuti ndalama za mitundu iwiri zikhoza kusinthidwa pa mtengo umene awiriwo agwirizana, malinga kupatsanako kuchitike nthawi yomweyo asanasiyane. Kuchedwetsa mbali imodzi kumatsegula khomo la riba. Ndipo taonani kuti ngakhale pa nkhani ya phindu chabe, amene anadikira Lachisanu sabata ya November 2023 ija anakangana ndi anzao kuti mtengo ndi uti, wakale kapena watsopano.

Kwa amene mukusonkhanitsa za Haji, Allah akufewetsereni ulendo. Riyal ya Saudi Arabia inamangidwa ku dola pa 3.75 kuyambira 1986, choncho mukanyamula madola mumadziwiratu zimene mukalandire ku Makkah ndi ku Madinah. Musasinthe kawirikawiri, kuchoka ku kwacha kupita ku randi kenako ku dola, chifukwa pa kusintha kulikonse mumasiya kanthu. Pitani kubanki kukadali miyezi, mutatenga pasipoti ndi makalata a ulendo, poti madola sapezeka tsiku limene mwawafuna. Pemphani mapepala atsopano osang'ambika, makamaka a 50 ndi a 100, pakuti osintha ambiri amakana akale ndipo ang'onoang'ono amawagula motsika. Pa bwalo la ndege sinthani zongokwanira madzi ndi chakudya cha tsiku loyamba. Lisiti la kubanki muliike pamodzi ndi pasipoti, chifukwa pa Kamuzu International Airport akhoza kukufunsani kumene mwatenga madolawo.