Thumba la Mpweya Silipulumutsa Wosamanga Lamba

Galimoto zambiri zimene timakwera pa msewu wa Limbe, Thyolo mpaka Mulanje, ngakhalenso wopita ku Makwasa, ndi zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan. Tikalowa mu Sienta tiyang'ane pakati pa chiwongolero ndi pa dashibodi: pamalembedwa kuti SRS AIRBAG. Mkatimo muli thumba la nayiloni lopindidwa bwino, lomwe ambirife sitinalionepo.

Galimoto ikawomba chinthu mwamphamvu, kachipangizo kamamva kuima kwadzidzidziko n'kuyatsa mankhwala otulutsa mpweya. Thumba limang'amba chivundikiro n'kufufuma diso lisanaphethire, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola, kenako limaphwa kudzera m'timabowo. Limaoneka ngati pilo woyera, ndipo ntchito yake ndi kulandira mutu ndi chifuwa kuti zisamenye chiwongolero kapena galasi.

Koma chilembo choyamba cha SRS chimatanthauza kuti thumbali ndi lothandizira chabe. Mwini ntchito ndi lamba, uja wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene kampani ya Volvo inayamba kuika m'galimoto mu 1959. Wosamanga lamba amaponyedwa kutsogolo n'kukumana ndi thumba likadali kufufuma, ndipo chimene chikanam'pulumutsa chimamuvulaza. Mwana wofungatidwa pa mpando wakutsogolo ndiye ali pangozi koposa, chifukwa mutu wake umakhala pafupi ndi pomwe thumba limatulukira.

Misewu ya m'minda ya tiyi tikuidziwa: makona, zitunda, chifunga cha chiperoni, mathirakitala onyamula masamba, ndi othyola tiyi olawirira kuntchito akuyenda m'mbali mwa msewu. Apa dalaivala atha kuponda buleki nthawi ina iliyonse.

Ife a Seventh-day Adventist timadziwika ndi uthenga wa zaumoyo. Mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, ndipo chipatala chake chikuthandizabe anthu mpaka lero. Fodya sitisuta, mowa sitimwa, zakudya timasankha. Nanga bwanji pa Sabata m'mawa timapanikizana awiri pa mpando wakutsogolo, khanda lili pamiyendo, lamba ali lende? Thupi limene timaliteteza ku fodya ndi lomweli timalisiya pangozi pamsewu.

Ena anganene kuti wokwera alibe mawu, dalaivala amadzaza anthu chifukwa mafuta adula. N'zoona, koma zina zili m'manja mwathu. Titha kukana kukhala wachiwiri kutsogolo. Titha kupereka mwana kwa okhala kumbuyo. Eni galimoto mumpingo, nyali ya airbag ikapanda kuzima mutaliza injini, pitani nayo kwa makaniko; ikukuuzani kuti thumbalo mwina silituluka pa ngozi.

Tiphunzitse izi ku Pathfinder, pa mapologalamu a achinyamata, ndiponso m'makalasi omwe enafe tikaphunzitse tikamaliza maphunziro. Tipemphere ulendo usanayambe, inde, koma tikati ameni timange lamba.