Musiyeni wodwazika aonere filimu yake

Pali mlandu umene achibale amakonda kuuzenga Lamulungu masana, akaweruka kutchalitchi, atanyamula buledi ndi botolo la Sobo. Amafika panyumba pamene pagona mayi awo ofa ziwalo, n'kupeza TV ikulira, mlamu wawo ali pamphasa, maso ali pa filimu ya ku Nigeria, ana a aneba atadzaza pakhomo. Wodwala amamuona mphindi khumi, pemphero amapereka, n'kutsazika. Asanafike posikwerera minibasi chigamulo chaperekedwa kale: mkazi ujatu ndi mlesi, amangokhalira makanema mayi athu akuvutika. Pofika madzulo achimwene a ku Joni amva kale pa WhatsApp.

Chigamulo chimenechi n'chabodza, ndipo n'chankhanza.

Tiyeni timuwerengere tsiku lake mayi ameneyu, pakuti oweruzawo sawerenga. Munthu amene satha kudzitembenuza yekha amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku. Kupanda kutero zilonda zimabuka kumsana, m'chiuno ndi kuzidendene, ndipo chilonda chotero chikazika sichipola msanga. Munthu wa sitiroko nthawi zambiri amavutika kumeza, choncho phala amamwetsedwa atakhazikidwa tsonga, sipuni imodziimodzi, kudikira kuti ameze, kuopa kumutsamwitsa. Kambale kamodzi kamadya nthawi yoti wina n'kuphika nsima, kudya, n'kutsuka mbale. Matewera a akuluakulu ndi odula, ndiye ndi zitenje ndi zofunda zochapa tsiku lililonse, ndi madzi otunga kumjigo kapena ogula pakiyosiki. Onjezanipo kusambitsa, mankhwala a BP pa nthawi yake, ana opita kusukulu, mwamuna wofuna madzi osamba. Filimu imene mwaipeza ija ikulira pakati pa ntchito ziwiri, ndipo kawirikawiri amaiona m'zidutswa, khutu limodzi lili kuchipinda.

Chimene oweruza saona n'chakuti mayiyu anasiya kutuluka. Ku chinkhoswe sapita. Ku banki m'khonde amangotumiza ndalama ndi mwana. Kumsonkhano wa amayi a Mvano kapena a Chigwirizano dzina lake amangolitchula popemphera. Ngakhale kumaliro amangokaonekera n'kubwerera ali chothamanga. Munthu womangidwa chonchi kwa chaka, zaka ziwiri, mwina zisanu, akapanda kukhala ndi zenera loonera kunja amadwala naye, matenda osaoneka ndi maso: kukwiya msanga, kusowa tulo, kulira popanda womumenya.

Ndipo filimu kwathu kuno sitiionera chete ngati tili m'kalasi. Matenda akangoyamba, nyumba imadzaza anthu odzazonda. Mwezi wachitatu ukamakwana mapazi amachepa, chifukwa anthu amatopa ndi matenda osatha, ena amaopa fungo, ena amasowa chonena. Amene amabwerabe ndi aja amadziwa kuti 2 koloko filimu iyamba. Neba amalowa ndi lichero la mtedza, kumasenda uku akukalipira Patience Ozokwor chifukwa chozunza mkazi wa mwana wake. Wina amalosera kuti mnyamata wolemerayu ndalama zake n'zokhwimira. Nkhani za pamsika, mtengo wa chimanga, za amene watenga mimba, zonse zimalowera pomwepo. Nthawi yotembenuza gogo ikakwana, manja alipo anayi, pena asanu ndi limodzi. Buledi wa Lamulungu sanatembenuzepo munthu.

Gogoyo nayenso alipo, ngakhale timakonda kukamba za iye ngati katundu. Kufa ziwalo si kufa mutu. Muikeni pabalaza, Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, aja timangowati Aki ndi Pawpaw, ayambe zopulupudza zawo, muone ngati pakamwa popotoka paja sipagwedezeka. Chingerezi sichifunika. Komanso anyamata oika mafilimu m'mafoni pamsika ali ndi ambirimbiri omasuliridwa m'Chichewa, momwe womasulira amasandutsa msilikali wa ku China kukhala mnyamata wa ku Ndirande, n'kumawonjezera zake zoti mwini filimu atamva angakomoke. Kodi gogo azingoyang'ana malata tsiku lonse kuti inu mukhutire kuti akusamalidwa?

Tsono taonani amene akuweruza. Ndi bambo yemwe Loweruka amakhala m'nyumba yoonetsera mpira kuyambira masewero oyamba a Premier League mpaka omaliza, n'kutsalira kukangana za Arsenal ndi Manchester United mpaka mdima. Ndi malume amene pansi pa mtengo wa bawo pali mwala wodziwika kuti ndi wawo. Zimenezo timazitcha kupuma, kucheza, kupitidwa mphepo. Mkazi akakhala pansi maola awiri, m'nyumba momwemo, wodwala ali pamtunda woti akakhosomola amva, dzina lake limasintha kukhala ulesi. Chimene chimawawa oweruzawa si filimu. Chimawawa n'kuona mkazi atakhala pansi.

Alipo amene amadandaula moona mtima kuti mafilimuwa adzaza ufiti, chigololo ndi kukonda chuma, ndipo akuononga ana. Ena mwa iwo ndi zinyalala ndithu, ndipo mwana wothawa sukulu kukakhala m'chisakasa cha makanema ayenera kukokedwa khutu. Koma dandaulo loti nkhani zikuononga anthu si lachilendo, ndipo chilakolako cha nkhani sichinabwere ndi Nigeria. Dziko la Malawi linakhala lopanda wailesi yakeyake ya kanema mpaka 1999, koma mabanja ankaunjikana pa wailesi kumvera Kapalepale, ndipo wailesi isanabwere ankaunjikana pamoto kuyankha kuti tili tonse. M'nthano zathuzo mulibe afiti, akazi ansanje ndi ana amasiye ozunzidwa? Ngati nkhawa yanu ndi yoti aziona zakwathu, zilipo. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ndipo Chichewa chikumvekamo. Mufunefune, mubwere nazo.

Pansi pa zonsezi pali ngongole imene sitifuna kuitchula. Chisamaliro cha odwala m'maiko athu chakhala pamsana pa akazi osalipidwa. M'zipatala zathu za boma wodwala amagonekedwa ndi womudikirira, amene amaphika kunja, kuchapa, n'kugona pansi kapena pakhonde. M'zaka zimene Edzi inkakolola anthu, ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa mu 2004, odwala ankabwezedwa kunyumba, ndipo amene ankawalandira ndi amayi, azakhali, agogo ndi atsikana osiyitsidwa sukulu. Lero tayamba kukalamba ndi BP ndi shuga, ndipo dzanja lake ndi lomwe lija. Tsiku limene mlamu wanuyo adzati ndatopa, n'kumanga katundu kubwerera kwawo, mudzadziwa mtengo wa ntchito imene ankagwira, chifukwa ndalama za ku Joni sizisambitsa munthu, ndipo pa ana onse a gogo palibe amene adzapereke chipinda msanga.

Choncho ngati mwaona kuti mayi anu sakusamalidwa bwino, bwerani Lachisanu madzulo ndi chofunda chanu. Gonani chipinda chimodzi ndi wodwala, mudzuke pakati pa usiku ndi m'bandakucha kumutembenuza, m'mawa muchape zimene zachitika usikuwo, mlamu wanu apite ku chinkhoswe akavine. Ngati zimenezo zakukulirani, gulani mayunitsi a magetsi, lipirani dikoda ikatha, kapena tumizani kasola koti TV isazime magetsi akathima. Ndipo mukafika filimu ili mkati, musaime pakhomo ngati wapolisi. Khalani pamphasa, tengani mtedza musende, mufunse kuti amene walanda mwamuna wa mnzake ndi uti.