Nthabwala zimene agogo ankaseka nazo

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ife ana a ku Matundo tinkaonera kanema pa nyumba imodzi, titadzazana pa mphasa. Matepi ankabwera ndi madalaivala odutsa pa mlatho wa Samora Machel popita ku Malawi.

Azungu awiri a ku Britain sindinawaiwale. Woyamba ndi Mr. Bean, sewero la Rowan Atkinson la mu 1990 mpaka 1995. Munthuyu sankalankhula kwenikweni. Agogo, osamva Chingerezi ngakhale Chipwitikizi, ankaseka mpaka kugwetsa misozi pomuona akuvutika ndi kagalimoto kake.

Wachiwiri ndi Benny Hill, wongothamangitsana ndi akazi ovala mosadzilemekeza. Tepi yake ikangolowa, amayi ankatitulutsa panja. Kwawo komweko Thames Television inathetsa pulogalamuyo mu 1989.

Lero achinyamata a mu Tete akujambula nthabwala pa foni n'kumaziika pa Facebook. Ena chowaseketsa ndi thupi la mkazi basi. Anzanga, musanatumize dzifunseni: kodi agogo ndi adzukulu angaonere limodzi pa mphasa imodzi? Ngati sangatero, fufutani.