Tisanasirire Mapiko, Tiyambe Taganizira Nsanja

Ambiri mwa ife pasukulu pano tinaonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind imene inatuluka mu 2019, ndipo ena tinawerenganso buku lake la mu 2009. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itafika povuta, mnyamatayu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, koma sanasiye kuwerenga. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a magetsi a mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki.

Tchuthi chikamayandikira, timamva anzathu akupangana zokayesa zomwezi kumudzi. Amakambirana za mapiko, za dayinamo, za batire. Koma sitimvapo wina akufunsa kuti katundu yenseyu adzakhala pa chiyani. Ife tikuti nsanja ndiyo iyenera kuyamba kuganiziridwa, ndipo ndalama yoyamba ipite kumeneko. Dayinamo ikafa, banja limangogona mumdima usiku umenewo. Nsanja ikagwa, imagwera denga, khola kapena mwana amene akusewera pabwalo.

Nsanja yoyamba ya William inali ya mitengo ya bulugama, yotalika pafupifupi mamita 5, ndipo pambuyo pake anamanga ina ya mamita pafupifupi 12. Anasankha bwino malinga ndi zimene anali nazo. Bulugama ndi wowongoka, amakula msanga, ndipo ku Kasungu sasowa chifukwa alimi a fodya amamudzala kuti apeze milimo ya zigafa ndi nkhuni. Koma chigafa ndi nsanja n'zosiyana. Chigafa chimasenza katundu wongolendewera, ndipo mlimi amachikonza chaka ndi chaka fodya akamayandikira kuthyoledwa. Nsanja imakankhidwa chammbali, imanjenjemera usana ndi usiku, ndipo palibe nyengo imene imapuma.

Chimene chimatikakamiza kukwera m'mwamba ndi mphepo yomweyo. Pafupi ndi nthaka imatchingidwa ndi nyumba, zigafa ndi mitengo ya mango, choncho imafika yofooka ndiponso yosokonezeka. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene ili m'mphepomo imawirikiza ka 8. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti mapiko akhale mamita pafupifupi 9 pamwamba pa chilichonse chimene chili mkati mwa mamita 150. Komatu walira mvula walira matope. Mphepo yowirikiza kawiri ija imakankha nsanja ndi mphamvu yowirikiza ka 4. Chigwa cha Kasungu n'chathyathyathya, mitengo yachilengedwe inatha m'madera ambiri, ndipo mwera wa mu Juni ndi Julaye umadutsa popanda choutchinga. Ndiye pali akamvuluvulu a mu Okutobala, ndi mphepo ya mvula yoyamba imene imasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi. Nsanja imangidwe poganizira tsiku loipitsitsa la chaka, osati tsiku lodekha limene tikuiimika.

Amene wasankha mtengo adziwe kuti mdani wake wamkulu ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo ziwirizi zimagwira pamalo amodzi, pamene mtengo wakumana ndi nthaka. Pamwamba mtengo umaoneka wathanzi pamene pansi wasanduka ufa. Mapolo a ESCOM amakhala zaka zambiri chifukwa amalowetsedwa mankhwala mkati mwenimweni, ndipo amene angakwanitse agule mtengo wokonzedwa motero kwa ogulitsa ovomerezeka. Kuwaula tsinde pamoto kapena kulipaka oyilo wakutha, monga timachitira kumudzi, kumangochedwetsa chiswe, sikuchithetsa. Njira yabwino ndi yosakwirira mtengo m'dothi. Uumangirire ku zitsulo zimene zamizidwa m'konkire, tsinde likhale pamwamba pang'ono pomwe diso lingalione. Mtengowo ukhale wokhwima, wosendedwa makungwa ndiponso wouma. Bulugama wamuwisi amang'aluka akamauma, misomali n'kukhwepa. Polumikiza pamafunika mabawuti ndi mawashala, osati misomali, malegeni kapena luzi.

Amene angathe, paipi yachitsulo yokhuthala yosachita dzimbiri ndi yabwino koposa. Chiswe sichiidya, ndipo ingathe kuikidwa pa hinje pansi kuti nsanja yonse izigonekedwa ikafuna kukonzedwa. Apa m'pamene tikufuna anzathu amvetsetse. Makina ozungulira amafuna girisi, tcheni chimaduka, mapiko amasweka. Ngati kukonza kulikonse kukufuna kuti munthu akwere mamita 10 pa timitengo tokhomedwa ndi misomali, tsiku lina phazi lidzaterereka. Nsanja yogoneka imachotsa ngozi imeneyi. Koma paipi yadzimbiri yotola kotaya zitsulo, kapena yowotcherera mwachisawawa, ndi yoopsa kuposa mtengo wabwino, chifukwa imathyoka mosachenjeza.

Kaya ndi mtengo kaya ndi chitsulo, nsanja yaitali yopyapyala siima yokha. Imafuna mawaya okokera mbali zinayi, omangidwa kumtunda koma pansi pa pamene nsonga za mapiko zimadutsa. Mawayawo akhale achitsulo chopotana, osati oyanikira zovala kapena a minga. Zikhomo zake zitalikire ndi tsinde pafupifupi theka la kutalika kwa nsanja, ndipo zimizidwe m'konkire. Dothi la m'madera ambiri a Kasungu n'lamchenga. Chikhomo chimene chikuoneka cholimba mu Seputembala chimazuka ndi dzanja limodzi mu Januwale nthaka ikakhuta madzi. Konkire wake asakanizidwe muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ndipo azithiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7 asanasenze katundu.

Pali zina ziwiri zosafuna ndalama zambiri. Nsanja italikire ndi nyumba mtunda woposa kutalika kwake, kuti ikagwa igwere pamtetete. Isamangidwe padenga, pakuti kunjenjemera kwake kumang'amba khoma. Chachiwiri ndi mphenzi. Chinthu chachitali pachigwa chimaitana mphenzi, choncho pakhale waya wokhuthala wochokera pamwamba kukafika ku chitsulo chokhomedwa mozama m'nthaka, ndipo kukamachita ziphaliwali pasapezeke munthu pafupi.

Ena atiuza kuti malangizowa ndi a anthu a ndalama, ndipo William akanadikira simenti ndi mabawuti sakanayatsa babu ngakhale limodzi. Zoona zilimo. Anzake ankamunena kuti wachita misala, koma iye anayamba ndi zimene zinalipo. Komabe sanakhale pomwepo. Anapitiriza kukonza ndi kuphunzira mpaka anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Ife tili ndi aphunzitsi a fizikisi ndi intaneti, zinthu zimene iye analibe mu 2002. Kubwereza zofooka za nsanja yake yoyamba sikumulemekeza ayi. Ngati ndalama zachepa, tichepetse kukula kwa mapiko ndi kutalika kwa nsanja, koma tisachepetse kulimba kwa tsinde ndi zikhomo.

Tsiku loimika nsanja, tikumbukire kuti mutu umodzi susenza denga. Tiitane mmisiri wa matabwa kapena wowotcherera wa pamsika aone ntchito yathu, anthu ogwira zingwe akhale okwanira, ana akhale patali, ndipo kukhale kopanda mphepo. Tikamabwerera kusukulu, tisiye munthu amene azigogoda tsinde ndi kukunga mawaya mwezi ndi mwezi, makamaka mvula isanayambe. Ife timachoka tchuthi chikatha, koma makolo ndi abale athu amatsala akugona pafupi ndi chimene tamanga.