Tsitsi la zidole za ana athu tizipanga tokha

Pamsika uliwonse wa kaunjika mupezapo mulu wa zidole, ndipo zambiri zili ndi tsitsi lachikasu, losalala, lofika m'chiuno. Alezi a sukulu za mkombaphala amazigula ndi mtima wabwino, poti mwana amafuna chogwira m'manja. Ine ndimasoka zidole zovala kumanja zophunzitsira ana, ndipo ndikuti ndalama imeneyo bola igule misomali ndi singano. Thupi la chidole silivuta, sokosi yakale kapena chigamba cha chitenje n'chokwanira. Pomwe anthu amagwa mphwayi ndi pamutu. Amaganiza kuti tsitsi limafuna makina a kufakitale, chikhalirecho chida chake ndi thabwa lokhomedwa misomali iwiri basi.

Misomaliyo muikhome motalikirana chikhatho chimodzi kapena ziwiri, malinga ndi kutalika kwa tsitsi lomwe mukufuna. Muzungulize ulusi kuchoka pa msomali uwu kukafika pa winawo mpaka mpukutu utanenepa. Musanauchotse, musoke chopingasa pakati pake, mubwereze kawiri, chifukwa mzere umenewo ndiwo udzakhale pakati pa mutu. Mukadula nsonga zonse ziwiri, tsitsi limagwera uku ndi uku, lokonzeka kuluka zingongo.

Ulusi wake musavutike kukagula watsopano. Pezani juzi yakuda yomwe yatha m'zigongono, muisasule pang'onopang'ono kuyambira m'khosi. Ulusi womwe wakhala wolukidwa zaka zambiri umatuluka utapotanapotana, ndipo suwongoka msanga pokhapokha mutaunyowetsa. Mukausokera pamutu wa chidole mothinana n'kuudula mofupika, chomwe chimatuluka ndi tsitsi la mwana wa kuno, lomwe lija amayi amalimbana nalo ndi chipeso Lamlungu m'mawa. Ulusi wa m'sitolo sungakupatseni zimenezi.

Chidole cha agogo chimafuna khonje. Tsamba lake mumalipala pathabwa ndi mpeni wobuntha mpaka kutsale ulusi woyera, kenaka kutsuka bwinobwino, pakuti madzi a khonje amayabwa, n'kuyanika. Likauma limagwirana, ndiye pamafunika chipeso chake: kathabwa kena komwe mwakhoma misomali yambiri mpaka nsonga zatulukira kuseri. Mumakoka khonjelo pa nsongazo mobwerezabwereza, zinyalala n'kumatsalira, ndipo m'manja mumatsala imvi zofewa zomwe zimagwedera chidole chikangopukusa mutu. Kugwederako n'kofunika kuposa maonekedwe. Chidole chovala kumanja sichiphethira, sichikwinya nkhope. Mwana amadziwa kuti agogo akana chifukwa imvi zagwedezeka.

Sipoko ya njinga nayo ili ndi ntchito ziwiri. Mukakulungapo meshi wotsala ku saluni n'kumunyika m'madzi otentha, akauma amakhala wopindikapindika mpaka kalekale. Sipoko yomweyo mukaipinda nsonga n'kuinola pamwala imasanduka koloshi yokokera tsitsi m'mabowo a neti ya anyezi, yomwe mumaveka pamutu wa chidole ngati chipewa. Ndevu za chimanga zomwe tinkaika pa zidole za chitsononkho tili ana zokha ndizo sindilimbikitsa m'kalasi, poti zikauma zimayoyoka.

Wina anena kuti izi n'zamasewera, zosayenera kutayirapo nthawi munthu wamkulu. Ku Japan, m'zisudzo za zidole za Bunraku mumzinda wa Osaka, muli amisiri omwe ntchito yawo ndi tsitsi la zidole lokha. Amagwiritsa ntchito tsitsi la munthu ndi ubweya wa nyama yotchedwa yak, ndipo mutu uliwonse amaukonza molingana ndi msinkhu komanso udindo wa yemwe chidolecho chikuimira. Ku America, Jim Henson adasoka chidole choyamba cha Kermit mu 1955 kuchokera ku chikhothi chakale cha mayi ake, maso ake n'kukhala kampira ka tenesi ya patebulo kodulidwa pakati. Chidole chomwe chidadziwika dziko lonse chidayambira pa zinthu zotayidwa za m'nyumba.

Koma chomwe chimandisowetsa mtendere ndi china. M'zaka za m'ma 1940, Kenneth ndi Mamie Clark adaonetsa ana achikuda a ku America zidole zosiyana khungu lokha, ndipo ambiri mwa anawo adasankha choyera kuti ndicho chabwino. Zotsatirazo zidatchulidwa pa mlandu wa Brown v. Board of Education mu 1954, womwe udaletsa tsankho la m'sukulu za boma kumeneko. Mbiri yathu si yofanana ndi yawo, komabe mwana wa zaka zinayi yemwe tsiku lililonse amapesa tsitsi lachikasu la chidole n'kumva anzake akuti "chokongola", akuphunzira kanthu za mutu wake womwe. Sindifuna kuti phunziro limenelo azilipeza m'kalasi.

Dandaulo lomwe ndimalimvetsa ndi la nthawi. Alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ali ndi minda ndi mabanja awo, ndipo sitingawaunjikire zina. Koma thabwa la misomali likakhomedwa lakhomedwa, likhala zaka. Makomiti a makolo omwe amasonkha ufa wa phala akhozanso kusonkha majuzi akutha, ndipo amayi oluka tsitsi ali m'mudzi uliwonse. Kalipentala wa pamsika sangakane kukhoma misomali pa chidutswa chomwe akanataya.

M'makoleji a zauphunzitsi muli kale mfundo ya TALULAR, yolimbikitsa kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi. Nthawi zambiri imathera pa zitsekerero za mabotolo zowerengera ndi matchati a pakhoma. Ndikupempha omwe amakonza maphunziro a aphunzitsi ndi alezi kuti apatule tsiku limodzi la zidole, wophunzira aliyense atuluke ndi thabwa lake, chipeso chake cha misomali ndi mutu umodzi womwe wausoka yekha. Patsikulo awauzenso kuti tsitsi la chidole cha ana aang'ono lizisokedwa ndi ulusi wolimba osati kumata ndi guluu, chifukwa ana amakoka, ndipo chomwe chazuka chimapita m'kamwa.