Phazi la Mwana Likhale Ng'oma M'kalasi

Alipo makolo ena, okonda ana awo ndi mtima woona, amene akamva kuti aphunzitsi a ku America amaimiritsa ana pakati pa maphunziro kuti agunde pansi ndi zidendene ndi kuwomba m'manja monga achitira ovina gule wa tap, amapukusa mitu nadandaula kuti sukulu yasanduka bwalo la masewera. Koma ine ndiyesa kuti aphunzitsi oterowo achita mwanzeru, ndipo amene afuna kuwaweruza ayambe wamva kumene guleyo anachokera.

Gule ameneyu anabadwira m'masautso. M'chaka cha 1739 akapolo a ku South Carolina anaukira ambuye awo pafupi ndi mtsinje wa Stono, ndipo mu 1740 kunaikidwa lamulo lowaletsa kukhala ndi ng'oma, pakuti eni minda anaopa kuti kulira kwake ndiko kumemeza anthu kunkhondo. Koma wolanda ng'oma sanathe kulanda manja ndi miyendo. Ana a Afirika aja anadziwomba pantchafu ndi pachifuwa napondaponda pansi, m'kavinidwe kotchedwa juba. Ndipo pamene zidzukulu zawo zinakhala moyandikana ndi amphawi ochokera ku Ireland m'makwalala a Five Points, mumzinda wa New York, yense anatola kapondedwe ka mnzake, kufikira panatuluka William Henry Lane, wotchedwa Master Juba, amene mu 1848 anawoloka nyanja nakadabwitsa anthu a ku London.

Tsono taonani chimene chichitika mphunzitsi akakankhira mabenchi kukhoma. Iye agunda kanayi, chidendene, chala, chidendene, chala, ana nabwezera momwemo. Akaona kuti agwira, asiya dala kugunda kwachitatu, ndipo pompo aonekera poyera mwana wotsata ndi maso okha, pakuti phazi lake liti gu! lokha anzake ali chete, kalasi yonse nifa nacho chiseko, iyenso naseka. Koma ulendo wachiwiri mwana yemweyo atchera khutu nawerenga mumtima. Pambuyo pake yense agunda dzina lake, phazi limodzi pa phatikizo lililonse la malembo, kotero kuti wa dzina lalitali ayenera kufulumiza kuti athere pamodzi ndi wa dzina lalifupi. Ndipo potero, asanaone nambala pabolodi, wagawa kale chinthu chimodzi pawiri ndi patatu. Potsiriza aimirira awiriawiri, wina nagunda kasanu ndi katatu, mnzake nayankha ndi zake za m'mutu, monga achitira akatswiri a tap ndi oimba ng'oma za jazi. Kudikira nthawi yako, kumva mnzako kufikira atatha, ndi kuyankha mosaopa, ndizo zimene ngakhale akulu ambiri pabwalo la milandu zimawakanika, ndipo mwana ayenera kuziphunzira msanga, pakuti m'mera mpoyamba.

Pali zinthu ziwiri zimene sindigwirizana nazo. Sukulu imene iyamba ndi kulamula nsapato za zitsulo kunsi itsekera kunja mwana wa mmphawi pa gule amene amphawi anayambitsa. Chikhalirecho Bill Robinson, wobadwa mu 1878 ku Richmond, amene tsiku la kubadwa kwake, 25 Meyi, linaikidwa mu 1989 kukhala tsiku la gule wa tap m'dziko lonse la America, anatchuka akuvina ndi nsapato za matabwa kunsi. Chachiwiri chindiwawa koposa, ndicho kuphunzitsa mapazi ndi kubisa mbiri, monga ngati guleyu anagwa kumwamba. Ana okulirapo ayenera kuuzidwa za ng'oma zolandidwa zija, ndiponso za azungu amene ankadzipaka makala kumaso nanyoza anthu akuda pa zisudzo, akudyerera kavinidwe kawo komwe.

Kodi aphunzitsi athu a phunziro la Expressive Arts zimenezi ziwakhudza? Ndithu, pakuti zida zoimbira zisowa m'sukulu zambiri, pamene mwana aliyense abwera ndi mapazi ake. Ndipo nzeruyi si yachilendo kwa ife, popeza agogo amene anapita ndi Wenela kumigodi ya ku Johannesburg anakhala pakati pa anthu owomba majombo awo povina. Sindinena kuti tap alande malo a beni kapena chimtali, iyayi, koma kuti akhale mlendo amene adza ndi kalumo kakuthwa. Wina adzati phokoso lidzasokoneza kalasi yoyandikana, ndipo anena zoona. Chifukwa chake mphunzitsi apangane ndi ahedi za nthawi yake, mphindi 10 zikwanira, ndipo kumene ana aphunzirira pansi pa mtengo, pamene fumbi limeza kugunda kwa phazi, manja ndi ntchafu zigwire ntchitoyo.